Maliro anga a ku Rosettenville

Matenda anga si achilendo. Ndi BP, yomweyi yagwira madoda ambiri kuno ku Joni. Tsiku limene anandipeza nayo pa kiliniki makina aja anawerenga 170/100, ndipo a sisitala anati munthu akamadutsa 140/90 ndiye kuti mtima ukugwira ganyu yopanda malipiro. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndimameza timapilitsi tiwiri: amlodipine, ndi kena ka dzina lotopetsa lilime, hydrochlorothiazide, kamene kunyumba kwathu timangoti kokodzetsa. Kameneka mukasunge m'mutu, tikumana nako kutsogoloku.

Chaka chatha ndinaganiza zopita kumudzi ku Ntcheu kukamaliza nyumba. Amene munamangitsapo nyumba pa foni mukundimvetsa. Umatumiza ndalama ya simenti, iwo nkukutumizira chithunzi cha khoma lomwe lija, angolijambula mbali ina. Ndinati ayi, ulendo uno ndikakhala pompo mpaka malata akhomedwe, ngakhale itakwana miyezi inayi. Abwana kumene ndimawotcherera zitsulo ku Booysens anavomera.

Chinatsala ndi mankhwala. Ine ndili pa ndondomeko ya boma ija ya CCMDD, imene anthu a matenda okhalitsa amene zinthu zawo zakhazikika sakhalanso pamzere wa kiliniki mwezi ndi mwezi. Uthenga umalowa pa foni, umapita pamalo amene unasankha, nkutenga kaphukusi, kamene nthawi imeneyo kanali ka miyezi iwiri. Iwiri, osati inayi. Ndinabwerera ku kiliniki kukadandaula. A sisitala anandiyankha mwaulemu ndithu kuti phukusi langa linakonzedwa kale, ndipo popanda tikiti yoonetsa kuti ndikupitadi ulendo palibe chimene angachite. Tikitiyo ndinali ndisanagule, mwezi unali usanathe.

Mayi a kunyumba anati, "Nanga kumudzi kulibe chipatala? Mukatenga konko." Chilipo, inde. Koma nanenso ndinakulira komweko. Umapalasa njinga m'mawa wonse, ukafika akulembera bwinobwino m'buku, kenako akuti awa atha, mukagule.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinakokera pambali mlamu wanga, mchimwene wawo wa mayiwa, munthu wodziwa ngodya zonse za Johannesburg kuchokera ku Mayfair mpaka ku Yeoville.

"Alamu, kodi mukudziwa kumene ndingapeze mankhwala ambiri, okwana miyezi ingapo? Ndikupita kumudzi, ndipo tsiku lobwerera sindikulidziwa."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Apa ndinene kuti nthawi imeneyo ndinali nditaonda ndithu, chifukwa a sisitala anandiletsa mchere wambiri, tchipisi ndi magwinya, moti lamba ndinali nditamuboola bowo latsopano ndi msomali.

"Nanga a chipatala akuti bwanji?"

"Akuti palibe chimene angachite."

Mlamu anavula chipewa. Anandigwira paphewa nthawi yaitali, nkuti, "Zisiyeni m'manja mwanga, alamu." Ine ndinapita kunyumba ndikuyamika Mulungu pondipatsa mlamu wachifundo.

Kwa amene simunakhaleko kuno, pali chinthu choti mudziwe. Kunyamula mtembo kuchoka ku Joni kupita ku Malawi ndi ndalama zoti zimagwetsa banja. Nchifukwa chake timakhala ndi timagulu tosonkha mwezi ndi mwezi, ndipo nchifukwa chakenso munthu wanzeru akaona kuti thupi lakana, amakwera basi akadali wotha kukhala pampando. Tikiti ya wamoyo ndiyotchipa. Ndiye taganizani: munthu waonda, akufuna mankhwala ambiri, a chipatala akweza manja. Mwezi utatha ndinagula tikiti yopita yokha, poti malata sauza munthu tsiku. Zida zanga zowotcherera ndinazitumiziratu ndi transipota. Pa gulu la WhatsApp la mpingo, limene ine ndinatulukamo kalekale chifukwa cha mauthenga a pakati pa usiku, nkhani inali itapsa.

Ine osadziwa kanthu. Ndinangoona anthu ayamba kundikonda.

Amayi a mpingo anayamba kubwera madzulo, wina ndi phala la Likuni, wina ndi nkhuku yootcha, wina ndi thobwa m'botolo la malita awiri. Amakhala pamphasa, kundifunsa motsitsa mawu kuti ndagona bwanji. Ndikati ndagona bwino kwambiri, amayang'anizana nkupukusa mitu, wina nkunong'ona kuti, "Kulimba mtima kwake abambowa." Mnyamata wina wa kwathu komweko amene ndinamubwereka R800 anasowa ngati mbewa yomva fungo la utsi, foni yake osalowanso. Pamene mdala wina amene ine ndinali naye ngongole ya R150 anafika mbandakucha atavala magalasi, kabuku kali m'manja, nkuti, "Si kuti ndikukukakamizani, achimwene, koma zinthu izi zimavuta kutsatira kwa amayi otsala." Ndinamulipira ndikudabwa kuti amayi otsala akubweramo bwanji.

Mlamu naye anabwera, anakhala pabedi, nkuyamba kuyesa nsapato zanga za kuntchito, zachitsulo kutsogolo zija. Anayenda nazo kukafika pakhomo nkubwerera. "Zikundikwana ndithu," anatero ndi mawu achisoni. Kenako anafunsa ngati abwana apeza kale munthu wogwirizira malo anga.

Ndipo mankhwala anabweradi. Mpingo unasonkha. Mlamu anandipatsa jumbo yodzaza, yomanga pakamwa. Munali mapilitsi oyera, achikasu, apinki, ena m'timapaketi todula ndi lumo, ena okulunga m'tishu, ena m'kabotolo ka mafuta odzola. Munalinso kabotolo ka madzi odalitsidwa, ndi mizu ya gondolosi imene mkulu wina wa mpingo anaikamo, akuti mwina mwake. Aliyense anapereka chimene chinatsala m'kabati mwake, ndi mtima woyera.

Ndinanyamula jumbo ija kupita nayo ku famase ina m'tauni kuti andisankhire a BP. Mtsikana wa pakauntala, wamng'ono moti angakhale mwana wanga, anakhuthulira zonse pa thireyi nkuyamba kuzigawa ndi kachitsulo kake kaphwatalala. Sanaseke, ndipo ndimamulemekeza mpaka lero pa chifukwa chimenecho.

"Awa ndi a shuga, ndipo inu shuga mulibe. Awa anatha ntchito kalekale. Awa ndi olera, a amayi. Awa," anawatembenuza kawiri, "ndi a njoka za m'mimba. Za galu."

Ndinadziwiratu mwini wake. Tili ndi mbale wina amene amasamala maluwa ndi agalu kwa azungu ku Sandton.

A BP analimo anayi okha, ndiponso a mtundu wina umene ine sindimwa. Mtsikana uja anakankhira zonse mu bini yake yapadera, gondolosi yekha nkundibwezera ndi nsonga za zala. Kenako anandifotokozera zimene mlamu wodziwa ngodya zonse sanazidziwe. Mankhwala anga ali m'gulu limene kuno amati Schedule 3, sagulitsidwa popanda kalata ya dokotala, koma dokotala ali ndi mphamvu yolemba kalata yotengera mankhwala mpaka miyezi 6. Anati ndipite kwa dokotala wolipira, ndimuonetse tikiti ndi mabokosi anga akale, alembe kuchuluka kwa mankhwala a ulendo wonse ndi kakalata konena kuti ndi anga. Anandichenjeza kuti ndisawachotse m'mabokosi mwake, zomata za dzina langa zikhale pomwepo, poti ndidutsa Beitbridge, Nyamapanda, kenako malire a kwathu, ndipo wa kasitomu akapeza mapilitsi ambirimbiri opanda dzina m'jumbo sadzafunsa za BP. Anati ndiwaike m'kachikwama ka pamiyendo, osati m'ngolo ya kumbuyo kwa basi, chifukwa pabokosi analemba kuti asungidwe pansi pa madigiri 25, ndipo dzuwa la ku Tete silidziwa kuwerenga. Pomaliza anandilembera pakapepala mayina enieni a mankhwalawo ndi mphamvu yake, kuti akandithera kumudzi ndikafunse amlodipine, osati dzina la kampani lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu lija, lomwe kwathu lingakhale lina.

Dokotala anali khomo lachiwiri kuchokera pamenepo. Dzuwa lisanapendeke ndinali nditanyamula mankhwala a miyezi yonse. Ndalama zinapita, zinandiwawa, koma nkhani inatha. Kapena ine ndimaganiza choncho.

Tsiku la ulendo ndinadzuka m'mamawa, kumeza timapilitsi tanga tiwiri ndi tiyi monga mwa masiku onse, nkutsiriza thobwa lotsala kuti lisawonongeke. Titafika ku Park Station, kokwerera mabasi, ndinapeza pafupifupi mpingo wonse ukundidikira. Amayi atavala yunifomu, abambo majekete akuda. Ndinati koma anthuwa amandikondadi. Anandizungulira pakati pa zikwama ndi mafiriji a anthu, nkuyamba nyimbo, yapansipansi, yokoka, ya mtundu umene suimbidwa paukwati. Msungichuma wa gulu lathu anandipatira envelopu m'manja, yonenepa, osandiyang'ana kumaso. Abusa anatsegula Baibulo, nkunena mawu ochepa okhudza ulendo umene tonse tidzayende, chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe. Ine nkumavomera ndi mutu, poti zoonadi aliyense amapita kumudzi.

Kenako anati tipemphere.

Abusa athu akayamba pemphero amayambira ku Genesis. Anali asanawoloke Nyanja Yofiira pamene kokodzetsa kanagogoda. Kanakumana ndi tiyi ndi thobwa, nkugwirizana chimodzi. Ndinapanikiza miyendo. Thukuta linayamba pamphumi. Ndinaluma mano, ndinawerama pang'ono, mawondo akunjenjemera. Mayi wina amene amapemphera diso limodzi lili chitsegukire anakuwa, "Yayamba! Mayo, yayamba!" Mlamu anandikumbatira ndi manja onse, nkundifinya pamimba penipeni pamene sipafunika kufinya. "Limbani alamu, mukafike kaye kumudzi!"

"Ndisiyeni ndipite!" ndinatero.

Amayi onse analira mokweza. Wina anadzigwetsa pa thumba la anyezi la munthu wina.

"Ayi, musapite pano!" mlamu anakuwa. "Pano nkodula!"

Ndinamukankhira uko. Ndinalumpha chikwama chachikulu chamizeremizere, ndinazemba ngolo ya wonyamula katundu, ndinathamanga liwiro limene ndinalisiya ku pulayimale, mpaka kuchimbudzi, kumene mlonda wa pakhomo anandiona nkhope nkungondipatsa njira. Kumbuyo kwanga ndimamva nthungululu. Wina amafuula kuti chozizwitsa.

Nditabwerera, wopepuka ndi wansangala, ndinapeza mpingo wagawika pawiri. Ena amavina, abusa manja ali m'mwamba. Ena anali atazungulira mayi a kunyumba, amene anali kufotokoza modekha kuti abambo ali bwinobwino, ndi BP chabe, akupita kukakhoma malata. Apo mpamene ndinamva nkhani yonse, ndi pakamwa potsegula.

"Inu mayi, mumadziwa zimenezi?"

"Ndinamva Lachitatu."

"Osandiuza?"

"Nkhuku zinali zikubwera, abambo. Inu mukanalankhula."

Kondakitala anaitana anthu a ku Dedza ndi Lilongwe. Ndinakwera msangamsanga, kachikwama ka mankhwala pamiyendo, nkupempha mnyamata wina kuti tisinthane, ine ndikhale mpando wa m'mbali mwa kanjira pa zifukwa zimene tsopano mukuzidziwa. Ndisanakhazikike, msungichuma analowa m'basimo, kabuku kali kukhwapa. Ndinatulutsa envelopu ija kuti ndibweze, ngakhale dzanja limakana.

Anapukusa mutu. "Zatuluka kale m'buku, achimwene, komiti inasaina. Sizibwerera. Koma mudziwe kuti gawo lanu mwadyeratu. Tsiku lenilenilo likadzafika, mudzakwera basi yomweyi, chokhala."

Anandisainitsa, natsika. Basi itayamba kuyenda ndinasuzumira pawindo podutsa pamutu pa mnyamata uja. Mlamu anali kutsogolo kwa onse, akundibayibitsa ndi chipewa, nsapato zanga zili kumapazi.