Apongozi Anandithandiza Kulima

Zimene zinandikopa ndi sitiroberi zija anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu wokwera phiri la Zomba. Ndinati ngati zikubereka ku Ku Chawe, kwathu ku Matawale zikanike bwanji? Ndinaitanitsa mbande pa WhatsApp kwa munthu wina wa ku Blantyre, ndalama n'kutumiza pafoni. Mtima utakula, ndinawonjezerapo lemonigirasi ndi agapanthus, maluwa abuluu aja.

Katoni inafika pa basi. Kutsegula muja, ndinapeza mizu yokulungidwa m'nyuzipepala yonyowa, timasamba titafota. Mayi akunyumba anasuzumira n'kufunsa kuti, "Bambo a Chiko, masiku ano zinyalala akugulitsa?"

Sindinawayankhe, poti mbande zotumizidwa popanda dothi zimaoneka choncho. Ndinaviika mizu m'madzi kwa ola limodzi, n'kuwokera dzuwa litapepa. Sitiroberi safuna kumukwirira mtima. Pamene pakumana mizu ndi masamba pamayenera kulingana ndi nthaka, mukazamitsa amaola. Kenako ndinatulutsa tepi: masentimita 30 pakati pa sitiroberi, 45 pa agapanthus, lemonigirasi pafupifupi mita yathunthu. Izi si mbewu zokolola n'kuzula ayi. Chaka ndi chaka tsinde limabereka ana n'kumafutukuka, ndiye malo mumasiyira ana omwe sanabadwe. Ndinaphimbira ndi udzu wouma, kuthirira m'mawa uliwonse.

Koma dimba loyezedwa ndi tepi, likadali lanthete, limaoneka ngati la munthu waulesi.

Mu Disembala, mvula itakhazikika, apongozi anabwera kuchokera ku Jali kudzaona adzukulu, ine ntchito itanditengera ku Lilongwe. Mayiwa ndi mlimi wa khasu, akaona dothi lili mbee popanda chomera tulo sabwera nato. Anazungulira dimba lija, kumumvera chisoni mkamwini, n'kumasula kansalu komwe anamangamo nthanga za maungu. Mpata uliwonse umene ndinayeza ndi tepi yanga, phando. Pena anaponyamo ndi nyemba zomwe.

Nditabwerako anandilandira mwansangala. "Bambo, tinaona kuti mbewu inakuperewerani. Musadandaule, tatsekamo monse."

Ndinagwada, kuwomba m'manja. "Zikomo kwambiri, amayi." Nanga mkamwini anenenso chiyani? Usiku ndinanong'oneza mkazi wanga kuti tizule mwakachetechete. Anati, "Zulani nokha, ndipo akafunsa muwayankhe nokha."

Dzungu silidziwa masentimita. Pofika Febuluwale maungu anali atayanga mpaka kukwera mpanda wa aneba. Sitiroberi, mbewu yokonda dzuwa, inali pansi pa masamba otambalala aja, yachikasu, nkhono zikudyerera. Agapanthus ndinkachita kumufunafuna ndi ndodo. Chonditonthoza chinali chimodzi: lemonigirasi. Ameneyo anakana kugonja, anatulukira pamwamba pa nkhwani ali biriwiri, ndipo madzulo ndinkathyolako masamba a tiyi.

Ndiye apongozi anabweranso kudzaona mbewu zawo. Tsiku limenelo pochoka kuntchito ndinawapeza pakhonde akupuma, thukuta kamukamu, khasu lili pambali. Kukhitchini kunkamveka munthu akulimbana ndi chiseko.

"Tapaliramo, bambo. Koma nsenjere zija munazilekerera bwanji? Mizu yake kulimba! Tazula zonse, zili kudzala uko."

Anandipatsa madzi osamba m'manja, n'kuvundukula mbale ya nkhwani wotendera.

"Idyani, ndi za m'dimba mwanu zomwe. Chaka chamawa tibweretsa mphonda."