Dothi la ku Kasiya linandidetsa zala

Loweruka lapitali ndinapita ku Kasiya kukazonda azakhali anga. Minibasi ndinalipira K7,000 kuchoka m'tauni, anatipanikiza anayianayi pampando wina atanyamula nkhuku, koma msewu uja wochoka ku Old Airport kupita ku Santhe ndi wa tala ndiye sindidandaula kwambiri. Vuto ndi mukatsika pa tiredingi n'kulowa m'midzi, fumbi lake eee, musavale zoyera.

Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, tisanafike n'patali pomwe tayala lakumbuyo linaphwa. Tinakankha mpaka pakhomo pena pomwe panali agogo ena aamuna akusoka mphasa pansi pa mango. Sanafunse n'komwe kuti ndife ndani, anangoitana mdzukulu kuti abweretse mpando ndi thobwa. Thobwa lake lozizira bwino la m'mtsuko, lija lomwe ku Area 25 timagula m'mabotolo silifikako.

Nditawauza kuti ndachokera m'tauni anati, "Ndiye mwabwera kudzaona chuma chathu, amayi?" Anadzuka pang'onopang'ono, kupita pa mulu wa dothi pafupi ndi chitsime chomwe akumba chaka chino, n'kutapako dzanja limodzi. "Tatikitani." Ndinatikita, zala zinada n'kumanyezimira ngati ndapala pensulo. Akuti kuyambira kale akakumba mozama amalipeza, ankangoti ndi dothi basi.

Chodetsa zalacho ndi girafaiti, yemwe pano akufunidwa kwambiri popanga mabatire a galimoto zamagetsi. Koma chomwe chatchukitsa Kasiya ndi rutile, timchenga tomwe amachotsamo titanium wopangira penti yoyera ndi zitsulo za ndege. Kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals, yomwe ikufuna kutsegula mgodi ku Kasiya, imati padziko lonse palibe malo ena odziwika omwe ali ndi rutile wachilengedwe wochuluka ngati kuno, mpaka mu 2023 kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto inagula masheya mu kampaniyi. Ndipo sikuti n'kuphulitsa miyala ayi, n'dothi lofewa lapamwamba pompano, lomwe anthu akulimapo chimanga, mtedza ndi fodya. Ine m'mutu mwanga mgodi ndi dzenje lakuya ngati la malasha ku Mchenga, osati munda wa munthu.

Agogowa mgodi amaudziwa. Ali mnyamata anapita ku Joni ndi Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya m'migodi, anabwerako Kamuzu ataletsa ulendowo ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown mu 1974. Anandionetsa chipsera pamkono. "Ife tinkakwera ndege kulondola mgodi, lero mgodi watilondola kumunda." Sanaseke ponena zimenezi. Akuti anyamata akufuna ntchito ndipo iwo sangawaletse, njala yake akuiona okha, koma anandilozera kankhalango kali kumunsi kwa mudzi, kumanda komwe kuli mayi awo ndi ana awo awiri, n'kufunsa kuti munda ukhoza kubwezedwa dothi n'kumeranso chimanga, nanga ajawa?

Ndinangokhala chete. Ife a m'tauni nkhani ya Kasiya timaikamba pa Facebook ngati madola okhaokha, zandipweteka kuti ineyo ndi mmodzi wa iwo.

Tayala litamatidwa ndinatulutsa K2,000 ya thobwa, anakana ndithu, m'malo mwake anandipatsa mtedza m'kajumbo kuti ndikawapatse odwala. Kwa azakhali ndinafika dzuwa litapendeka, popereka moni anayang'ana zala zanga n'kufunsa ngati ndinayamba ndadzera ku chitsime.