DOI ndinkaimva molakwika zaka ziwiri zathunthu

Ndakhala ndikuthandiza kukonza journal ya kafukufuku kwa zaka ziwiri, ndipo nthawi yonseyi DOI, nambala yozindikiritsa nkhani pa intaneti, ndinkaitenga ngati chidindo chaulemu, chosonyeza kuti nkhani yakhwima. Sabata yatha ndinali ku msonkhano wa anthu osindikiza mabuku ndi kafukufuku wa m'mayunivesite, ndipo ndi komweko kumene mutu wanga unatseguka. Mtima unakhala pansi, ngakhale manyazi sanalephere kundigwira.



Chomwe ndinali ndisanachimvetse ndi ichi: DOI siloza nkhani mwachindunji, imaloza ku kaundula. Manambala oyambirira a DOI, oyamba ndi 10 kenako kadontho, amapatsidwa kwa wosindikiza. Chidutswa chobwera pambuyo pa kamzere kopendekera mumadzipangira nokha. Mukalembetsa ku Crossref, bungwe lolembetsa ma DOI lomwe linayamba mu 2000, mumapereka adiresi ya pa intaneti pomwe nkhaniyo ili, pamodzi ndi metadata: mutu, mayina a alembi, tsiku, manambala awo a ORCID ozindikiritsa ofufuza. Webusaiti ikasamuka, DOI imakhala yomweyo, koma pamafunika munthu woti akasinthe adiresi ija mu kaundula. Akapanda kutero, wowerenga amadina n'kukagwera pa tsamba lakufa. Ndiye kuti kulembetsa DOI ndi kulonjeza kuti mudzaisamala mpaka kalekale. Ife tinasamutsira OJS yathu, pulogalamu yoyendetsera journal pa intaneti, ku seva ina chaka chatha, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anakumbukira zimenezi. Nditamva, thukuta linatuluka.

Ndinabwerezabwereza m'mutu usiku wonse. Nambala ndi imodzimodzi, adiresi ndiyo imayenda, ndipo woyendetsa adiresiyo ndi ine.

Sanandiphunzitse izi ndi olankhula pa nsanja ayi. Anali mayi wina amene ndinam'funsa pa nthawi yopuma, anajambula timabokosi tiwiri ndi kamuvi kumbuyo kwa pepala la ndondomeko ya msonkhano, mphindi zisanu basi. Njira yanga tsopano ndi yomweyi: ndimalemba chidule chilichonse chimene sindinachimve, APC, COPE, DOAJ, ONIX, kenako popuma ndimagwira munthu mmodzi n'kumufunsa chimodzi chokha. Kunena zoona, ndikuganiza kuti kapepala kameneka kamaposa maphunziro onse amene ndinachitapo pa ntchitoyi. Mwina ndikukokomeza, koma ndisiyeni ndikondwe.

Olankhula ena anandikwiyitsa. Munthu wapatsidwa mphindi khumi ndi zisanu, akubwera ndi zithunzi zosawerengeka, zidule zikungotuluka m'kamwa ngati tonse tinabadwira momwemo. Ndikumvetsa kuti mabungwe a ntchitoyi ndi akale. Association of University Presses inayamba mu 1937, Society for Scholarly Publishing mu 1978, choncho chilankhulo chawo chinakula kalekale ife tisanabwere. Komabe wobwera kumene azimuganizirako. Chinanso, zokambirana zitatu zofunika amaziika pa ola limodzi m'zipinda zosiyana, ndiye umasankha imodzi uku mtima uli ku inzake. Ndipo ambiri amalankhula ngati journal iliyonse ili ndi munthu wake wa metadata, pamene kwa ena a ife mkonzi, wokonza masamba ndi woyankha makalata ndi munthu mmodzi yemweyo, amene mawa lake akukaphunzitsanso.

Ndabwerako ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kukonza maadiresi akale aja. Yachiwiri ndi kuyamba kutumiza ku Crossref mndandanda wa mabuku amene nkhani iliyonse yatchula, kuti zizilumikizana ndi nkhani za ena. Mtima ukundiuza kuyamba ndi zakale, poti ndi ngongole. Koma chikundivutabe ndi lonjezo lija. Ine ndikadzachoka, kapena journal ikadzasiya kutuluka, adzaisamala ndani adiresiyo? Mayi uja anatchulapo CLOCKSS ndi Portico, zosunga nkhani kuti zisatayike, koma belu linalira tisanamalize, ndipo mpaka pano ndikanasinkhasinkha ngati lonjezo lotere tinalikwanitsadi kulinyamula ife ochepa chonchi.