Lachitatu limene landisowetsa tulo kuno ku Joni

Sabata ino ndinali ndi makalasi atatu ophunzitsa apolisi za ufulu wachibadwidwe. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zomwe mukuzidziwa kale anzanga: gawo 9 (loletsa tsankho) ndi gawo 35 (la ufulu wa omangidwa) la malamulo aakulu a South Africa, kaundula wosainira, tiyi. Maphunziro aja a masiku atatu anawafinya kukhala a theka la tsiku, ati anthu akuchepa pa shifiti. Mabwana amangosaina n'kutuluka, kundisiyira makonsitebulo.

Lachitatu ndinafunsa kalasi kuti amadziwa bwanji munthu woti amuimike n'kumufunsa mapepala. Mnyamata wina, wosakwana zaka ziwiri pa ntchito, anayankha mosaphethira kuti amayang'ana khungu. Akaona kuti munthu ndi wakuda kwambiri, amamuuza kuti atchule chigongono m'Chizulu. Akalephera kunena "indololwane", basi, akwere veni. Anzake ankangovomereza.

Mtima unandiwawa. Ndinamuuza kuti ine amene ndaima kutsogolo kwake, mayeso amenewo ndikanalephera chaka chimene ndinafika kuchokera kumudzi. Nanga Mshangani wa ku Giyani, mbadwa ya dziko lino koma chilankhulo chake si Chizulu? Pa ziwawa zothamangitsa obwera za mu May 2008 anaphedwa anthu 62, ndipo 21 mwa iwo anali eni dziko. Gawo 41 la lamulo la anthu olowa m'dziko, Immigration Act ya 2002, limalola wapolisi kufunsa mapepala, inde, koma limamulamulanso kuthandiza munthuyo kutsimikiza kuti ndi ndani. Za khungu mulibemo.

Kenako ndinamufunsa ngati agogo ake ankayenda ndi dompas, kabuku kamene anthu akuda ankakakamizidwa kuyenda nako nthawi ya tsankho. Anati inde, agogo aamuna anagonapo m'chitokosi chifukwa choiwala kabukuko kunyumba. Ndinawakumbutsa onse kuti anthu 69 amene apolisi anawapha powawombera ku Sharpeville pa 21 March 1960 ankakana kabuku komweko. M'kalasi munangoti zii.

Titaweruka ananditsatira panja. "Mayi, palibe anandiuzapo kuti n'kulakwa. Anandiphunzitsa choncho ndi asajeni."

Asajeniwo anali atasaina 9 koloko n'kupita. Ine ndimakhala ndi mnyamatayu maola anayi, iwo amakhala naye m'veni usiku uliwonse.

Lachinayi ndinangolemba malipoti, mutu ukugunda. Lachisanu ndinatumizanso kalata, yachitatu chaka chino, yopempha kuti masiku atatu aja abwerere komanso kuti masajeni azikhala m'kalasi mpaka pomaliza. Mnyamata uja wanditumizira uthenga, akufuna ndimulembere gawo 41 papepala loti aziyenda nalo m'thumba. Ndamulembera.