Ulendo wathu wa ku Koeberg ndi nkhani ya mapiritsi a ayodini

Loweruka lapitali, ife a gulu la Amalawi okhala ku Atlantis, tauni ya ku South Africa, tinakwera minibasi kupita ku Koeberg, malo opangira magetsi ndi mphamvu ya nyukiliya amene ali m'mbali mwa nyanja, pafupifupi makilomita 30 kumpoto kwa Cape Town. Malowa ndi a Eskom, kampani ya magetsi ya boma la South Africa, ndipo anayamba kugwira ntchito mu 1984. Ambiri mwa ife takhala zaka tikumva masaireni ake akuyesedwa, koma sitinkadziwa chochita atalira kuti zinthu zavutadi.

Tikulowa m'dera lotetezedwa lozungulira malowa tinaona mbidzi zikudya msipu modekha, nyumba ziwiri zazikulu zakonkire zili chapatali, ndipo ana athu sanafune kuchoka pawindo.

Nkhani imene inatigwira mtima ndi ya mapiritsi a ayodini. Amene anatilandira anafotokoza kuti pakachitika ngozi, mumpweya mumatha kufalikira ayodini woipa wotulutsa cheza choopsa, ndipo munthu akamupuma kapena kumwa mkaka woipitsidwa, ayodiniyo amakaunjikana m'chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kaja. Piritsili limadzaza chithokomirocho ndi ayodini wabwino kuti woipayo asowe malo n'kutuluka ndi mkodzo. Ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl, m'dziko la Ukraine, itachitika mu 1986, anthu masauzande amene panthawiyo anali ana anadzadwala khansa ya chithokomiro, makamaka chifukwa cha mkaka, pamene dziko la Poland linafulumira kumwetsa ana mamiliyoni ayodini wamadzi.

Mayi wina wachikulire wa m'gulu lathu, yemwe mng'ono wake anavutika ndi chotupa cha pakhosi kumudzi, anafunsa ngati mchere wa ayodini umene timathira m'ndiwo sungakwanire. Funsoli linali la tonsefe. Yankho linali lakuti mcherewo ndi wabwino poletsa chotupa, koma ayodini wake ndi wochepa kwambiri moti munthu angadzivulaze ndi mchere asanafike pa mlingo wa piritsi limodzi.

Chimene ine chinandikhudza kwambiri ndi kuchepa kwa zimene piritsili lingachite. Limateteza chithokomiro chokha, kwa maola pafupifupi 24, ndipo silitchinjiriza thupi lonse ku cheza. Limagwira bwino likamwedwa mpweya woipawo usanafike kapena utangofika kumene, choncho salimwa ngati katemera kapena chifukwa cha mphekesera za pa WhatsApp, koma akuluakulu a boma akalengeza. Oyamba kuganiziridwa ndi makanda, ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, pamene opitirira zaka 40 sapindula nalo kwenikweni.

Pobwerera tinagwirizana kuti pamsonkhano wa Lamlungu likudzali tidzafotokozere anzathu amene anali ku ntchito, makamaka amayi olera ana a mabwana ku Melkbosstrand, tauni yoyandikana ndi Koeberg, kuti saireni ikalira alowetse ana m'nyumba, atseke mawindo ndi zitseko, atsegule wailesi ndi kudikira malangizo asanapatse mwana piritsi lililonse.