Zikomo anthu a ku Utrecht

Tikuthokoza amalonda a pamsika wa Vredenburg mumzinda wa Utrecht, m'dziko la Netherlands, amene munalola kuti ophunzira athu a utolankhani akufunseni mafunso pa maphunziro a mu July ndi August. Mwawaphunzitsa kuti kamera sayatsa munthu asanavomere, komanso kuti Mdatchi akakana mosapita m'mbali sikuti wakwiya, ndi mmene amayankhulira basi.

Akatswiri a mu situdiyo, inu ndiye mwagwira ntchito. Munawaumiriza kuti maikolofoni ikhale masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa, ivale chotchinga mphepo akakhala panja, ndipo wojambula asavule mahedifoni, apo ayi mabelu a Dom, nsanja yaitali ya tchalitchi mumzindawu, amene amalira mphindi 15 zilizonse, amameza mawu onse iye osadziwa.

Nanunso apanjinga amene munkaliza belu n'kudutsa bwinobwino ophunzira atayimika kamera pakati pa kanjira kanu kofiira, zikomo kwambiri.