Nsawawa, mbatatesi ndi gulugufe, ntchito ya sabata ino

Kabuku kamene anandipatsa sabata ino kuti ndikachotse mu Chitaliyana kupita mu Chingerezi ndi ka makolo, kophunzitsa mwana kusiya thewera n'kuyamba kukhala pa poti, Ataliyana amati spannolinamento. Masamba ochepa, zithunzi mbwee, muli dokotala amene akulangiza komanso agogo aakazi, nonna, amene akuyankhula ndi tidzukulu tawo.

Lolemba zinkayenda. Pipì ndi wee, cacca ndi poo, pancino ndi tummy, palibe kuganiza. Chimene chinayamba kunditopetsa ndi timichira ta Chitaliyana tija, -ino, -ina, -etto, chifukwa iwowa chilichonse cha mwana amachichepetsa, dzanja ndi manina, mapazi ndi piedini, mphuno ndi nasino, ndiye Chingerezi chilibe zimenezo, ukangolemba little hand, little feet, little nose tsamba lonse limamveka ngati munthu akunamizira kukonda ana. Ife tikanangoti kadzanja, timapazi, kamphuno basi yatha, Chichewa ndi Chitaliyana pamenepa zimamvana bwino kwambiri koma amene amandilipira sakufuna Chichewa kkkk. Ndinangowachotsa ma little ambiriwo.

Lachiwiri ndinalembera mkonzi kumufunsa kuti kabukuka kakagulitsidwa ku Britain kapena ku America, poti sizofanana olo pang'ono. Thewera ku Britain ndi nappy ku America ndi diaper. Culetto, timatako, ku Britain ndi bum kapena bottom, ku America tushie. Ndiye pali fanny, amene Mmereka amatanthauza matako koma ku Britain ndi kutsogolo kwa mkazi ndipo si mawu oyankhula pamaso pa apongozi. Anayankha mochedwa kuti Britain. Podikira ndinalimbana ndi popò, mawu amodzi koma nthawi zina ndi matako nthawi zina ndi chimbudzi chenichenicho, umayenera kuyang'ana chithunzi kuti udziwe agogowo akunena chiti.

Mutu unayamba kuwawa Lachitatu, nditafika pa mayina a kumaliseche kwa mwana. Kwa mnyamata Ataliyana amati pisello kapena pisellino, kansawawa, ndipo Chingerezi cha ku Britain chili ndi willy amene aliyense amamudziwa, yatha. Kwa mtsikana amati patatina, kambatatesi, mabanja ena farfallina, kagulugufe, ndipo patatina mwana aliyense wa ku Italy wamumvapo. Ku Britain mawu otero amene dziko lonse linagwirizana kulibe. Banja lina minnie, lina foo-foo, lina twinkle, lina flower, ukasankha limodzi makolo ena adzangoti kodi akunena chani. Amene amadziwika kwambiri ndi front bottom, kutanthauza matako a kutsogolo, ndiye taonani chiganizo chimene chinali patsogolo panga, agogo akuuza kamtsikana kuti popukuta aziyambira kutsogolo kupita kumbuyo, amene ndi malangizo enieni a madokotala pofuna kuti tizilombo ta m'chimbudzi tisalowe njira ya mkodzo. Tsopano ulembe kuti pukuta front bottom kuchokera ku front kupita ku bottom? Mwana wa zaka ziwiri amva chani pamenepo, ngakhale mayi akewo. Ine mawu amenewo sindiwakonda ndithu, akuphunzitsa mwana kuti ali ndi matako awiri.

Ndipo musaseke Angerezi, ifenso ndi chimodzimodzi, taonani mmene ndikuzembera muno, kutsogolo, kumbuyo, kumaliseche. Mayi anga atawerenga izi andiimbira foni.

Lachinayi mkonzi anabwera ndi maganizo ake, akuti tingolemba vulva, poti akatswiri ambiri oteteza ana masiku ano amalimbikitsa kuti mwana azidziwa mayina enieni a ziwalo zake, kuti china chikalakwika athe kuuza munthu wamkulu kapena dokotala momveka. Mfundo imeneyi ndimagwirizana nayo, mwana akauza aphunzitsi za flower wake akhoza kuganiza kuti akunena maluwa a panja. Ndinangomukumbutsa kuti akhale vulva osati vagina, chifukwa popukuta ndi kunja, vagina ndi mkati. Koma ndiye ukalemba vulva kwa mtsikana sungasiye willy kwa mnyamata, wina dzina la kuchipatala wina loseweretsa, ndiye tinati penis nayenso alowe. Wolemba kabukuka atamva anakana kwamtuwagalu, akuti palibe nonna wa ku Italy amene angatchule zimenezo ali kubafa ndi mdzukulu, ndipo sakunama, ndinayesa kuwerenga mokweza mawu a agogowo ali ndi vulva mkati anangosanduka namwino wa ku sikelo. Maimelo anayenda tsiku lonse, ine pakati. Tinagwirizana kuti pamene akuyankhula dokotala pakhale penis ndi vulva, pamene akuyankhula agogo pakhale willy ndi your bits, tiziwalo tako, amene si mawu okongola koma Mngerezi aliyense amawamva.

Chimene chinafa ndi nthabwala ya patsamba lina. Patatine mu Chitaliyana ndi tchipisinso, ndiye pali chithunzi cha kamtsikana katayang'ana mbale ya tchipisi modabwa. Chithunzi sichingasinthidwe, chinajambulidwa kale. Ndinalemba pansi pake kuti mwanayo akukana kudya mpaka asambe m'manja, zikugwirizana ndi nkhani ya ukhondo koma kuseketsa kulibe.

Lachisanu ndinatumiza fayilo ndi invoisi. Osindikiza mabuku ku Italy amalipira pa cartella, tsamba la zilembo 1,800 kapena 2,000, sawerenga maola amene wakhala ukuganizira mbatatesi, ndiye kabuku kodzadza zithunzi ngati aka ndalama yake ndi ya khofi chabe. Lolemba ndikuyamba buku la malangizo a makina ochapira, koma mkonzi uja walembanso kale kuti pali kabuku kachiwiri, ka nthawi yosamba, ndipo ndamuuza kuti mtengo tikambirane kaye.